Understat: chida choyesera ngati atolankhani akumulakwira kochi wanu

Timu ikagonja masewero atatu otsatizana, masapota amagawikana. Ena amavomerezana ndi atolankhani kuti kochi nzeru zamuthera, amuonetse msana wa njira. Ena amati atolankhaniwo amangomuda, akufuna mitu ya nkhani yokopa anthu basi. Mkangano wotere umatha sabata yathunthu osafika pamutu, chifukwa mbali zonse ziwiri zimadalira zinthu zofanana: zigoli za masewero apitawa ndi zomwe aliyense akukumbukira kuti anaona. Webusaiti ya Understat imabweretsa umboni wina umene sudalira kukumbukira kwa munthu. Pa milandu ina imene kochi amapatsidwa, imayankha msanga ndiponso momveka. Pa milandu ina ilibe chonena, ndipo vuto limabwera anthu akamaikakamiza kuti iyankhe.

Understat ndi yaulere, ndipo simufunika kulembetsa kuti muigwiritse ntchito. Imatsata maligi 6 okha: Premier League ya ku England, La Liga ya ku Spain, Bundesliga ya ku Germany, Serie A ya ku Italy, Ligue 1 ya ku France ndi ligi yaikulu ya ku Russia. Manambala ake amayambira sizoni ya 2014/15. Mulibe makanema, mulibe ndemanga za akatswiri, mulibe mphekesera za kugula osewera. Muli manambala ndi zojambula zoonetsa pamene shoti iliyonse inamenyedwera. Zonse zili mu Chingerezi, koma mawu ofunika kuwadziwa ndi ochepa kwambiri.

Chachikulu pa tsambali ndi nambala yotchedwa xG, kutanthauza zigoli zoyembekezeka. Shoti iliyonse imapatsidwa mlingo wapakati pa 0 ndi 1, malinga ndi kuchuluka kwa mashoti ofanana nayo amene analowa m'mbuyomu. Eni tsambali amati pulogalamu yawo anaiphunzitsa ndi mashoti opitirira 100,000, ndipo pa shoti iliyonse amayang'ana zinthu zoposa 10. Zimene zimasintha mlingowu kwambiri ndi mtunda wochokera ku golo, ngati womenyayo anali moyang'anizana ndi golo kapena chakumbali, ngati anamenya ndi phazi kapena mutu, komanso momwe mpirawo unamufikira. Penate pa Understat ndi 0.76, kutanthauza kuti mwa mapenate 100, pafupifupi 76 amalowa. Shoti ya pa mamita 25 imakhala cha pa 0.02 kapena 0.03. Wosewera akatsala yekha ndi goloboyi, mlingo umakhala cha pa 0.3 kapena 0.4, ndipo apa ndi pamene masapota ambiri amadabwa, chifukwa mpata umene timati "mwana aliyense akanagoletsa" umaphonyedwa kambiri kuposa momwe umalowera.

Mukaphatikiza mashoti onse a timu mumapeza xG yake. Mukaphatikiza a adani ake mumapeza xGA. Palinso xPTS, mapointi amene timu ikanayembekezera kupeza potengera mipata ya mbali zonse ziwiri. Kawerengedwe kake n'kosavuta: ngati mipata ya masewero ikusonyeza kuti timu inali ndi mwayi wa 60 pa 100 wopambana ndi 25 pa 100 wofanana mphamvu, ndiye 0.6 kuchulukitsa ndi 3, kuphatikiza 0.25, yankho ndi 2.05.

Chifukwa chimene manambalawa amathandizira pa nkhani ya kochi ndi chakuti ntchito ya kochi imathera pokonza timu kuti izipanga mipata yabwino ndi kutseka mipata ya adani. Kuti mpira wagunda chitsulo kapena walowa, zimenezo sizili m'manja mwake. Werengani nokha: timu imene yamenya mashoti 20, iliyonse ya 0.1, ili ndi xG ya 2.0, komabe mwayi woti onsewo aphonyedwe ndi pafupifupi 12 pa 100. Ndiye kuti kamodzi pa masewero 8 otere timu idzatuluka m'bwalo opanda chigoli ngakhale yasewera bwino. Mtolankhani amene akulemba usiku womwewo amalemba za zero amene ali pa bolodi, ndipo sitingamudzudzule kwenikweni, chifukwa ndi zimene zachitika. Funso ndi lakuti zero ameneyo wabwera ndi kochi kapena ayi.

Poyesa mlandu wa kochi, yambani ndi tsamba la ligi. Sankhani ligi ndi sizoni, ndipo mudzapeza m'ndandanda wa matimu wokhala ndi xG, xGA ndi xPTS chakumanja. Ngati muli pa foni, igonekeni chammbali, apo ayi mizere yofunikayo imabisika. Pambali pa nambala iliyonse pali kanambala kakang'ono kokhala ndi chizindikiro cha kuphatikiza kapena kuchotsera. Apa ambiri amasokonezeka. Kanambalako ndi zoyembekezeka kuchotsera zenizeni. Choncho kuphatikiza pa xG kukutanthauza kuti timu yagoletsa zochepa kuposa mipata yake, kuphatikiza pa xPTS kukutanthauza kuti yapeza mapointi ochepa kuposa oyenera, koma kuphatikiza pa xGA kukutanthauza kuti yalowetsedwa zigoli zochepa kuposa mipata imene inapereka kwa adani. Chizindikiro chimodzimodzicho ndi tsoka pa mizere iwiri ndi mwayi pa mzere wachitatu. Eni tsambali akanachita bwino kulemba zimenezi poonekera.

Chachiwiri ndi kusankha masiku, ndipo chimenechi ndicho chabwino koposa pa Understat yonse. Pamwamba pa m'ndandanda pali malo oika tsiku loyambira ndi lomalizira. Ikani tsiku limene kochi anayamba ntchito, kapena tsiku limene atolankhani akuti zinthu zinayamba kuvuta, ndipo m'ndandanda wonse uwerengedwanso pa nyengo yokhayo. Mutha kusankhanso masewero apakhomo okha kapena akoyenda okha. Tsambali silikuuzani tsiku limene kochi anayamba kapena kuchoka, ndiye tsikulo litengeni kwina, monga pa webusaiti ya Transfermarkt, pamene mbiri ya kochi aliyense ili ndi masiku ake komanso mapointi amene amapeza pa sewero lililonse.

Chachitatu, onjezerani mizere ina imene sioneka poyamba. Yofunika ndi NPxG ndi NPxGA, zimene ndi xG ndi xGA atachotsamo mapenate. Mapenate amasokoneza chifukwa awiri okha ndi 1.52, ndipo kuti timu ipatsidwe penate zimadalira kwambiri woyimbira masewero. Chotsani NPxGA pa NPxG, kenaka gawani ndi chiwerengero cha masewero. Pongoyerekeza, timu yokhala ndi 1.0 kapena kuposerapo pa sewero lililonse ikusewera ngati yolimbirana ligi, 0.5 ndi timu ya pamwamba, 0 ndi ya pakati, ndipo yotsika kufika pa 0.5 kunsi kwa 0 ili pa ngozi yotuluka mu ligi. Yerekezani nambala ya kochi wanu ndi ya amene anamulowa m'malo, komanso ndi ya sizoni yake yapita. Musaweruze ndi masewero osakwana 10, ndipo ngakhale akwane 10, onani kaye kuti adani anali ndani. Understat simasiyanitsa masewero a matimu akuluakulu ndi a ang'onoang'ono, choncho timu imene yakumana ndi zimphona zinayi m'masewero 6 imaoneka yofooka kuposa mmene ilili.

Zitsanzo zenizeni zilipo pa tsamba lomwelo, ndipo ndi bwino kuzitsegula musanayese timu yanu. Sizoni yoyamba ya Understat ndi yomwe Borussia Dortmund ya Jürgen Klopp inavutika. Pofika nthawi yopumula ya pakati pa sizoni, itasewera masewero 17, inali pa nambala 17 ndi mapointi 15, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale 2015 inafika pansi penipeni. Wogoletsa wake Robert Lewandowski anali atapita ku Bayern Munich, osewera ena ofunika anali ovulala, ndipo zonena zinali zambiri kuti kaseweredwe ka Klopp matimu akadziwa. Koma mukaika masiku a theka loyambalo, mipata ikusonyeza timu imene inkapanga zambiri kuposa adani ake. Dortmund inamaliza pa nambala 7. Gulu lofufuza manambala la Liverpool, lotsogoleredwa ndi Ian Graham, linaona kuti sizoniyo inali ya tsoka, ndipo mu Okutobala 2015 Liverpool inamulemba ntchito Klopp. Anapambana Champions League mu 2019 ndi ligi mu 2020.

Brighton ya Graham Potter mu 2020/21 ndi chitsanzo china chodziwika. Inamaliza pa nambala 16 ndi mapointi 41, itagoletsa zigoli 40 zokha, pamene xPTS yake inali yoposa pamenepo ndi mapointi pafupifupi 20. Tsegulani sewero lake ndi Crystal Palace la mu Febuluwale 2021. Mbali imodzi ya chojambula yadzaza ndi madontho a mashoti 25 a Brighton, mbali inayo kuli madontho atatu okha, koma Palace inapambana 2-1 ndi chigoli cha Christian Benteke cha m'mphindi zowonjezera. Patangopita masiku ochepa Brighton inagonjanso 1-0 kwa West Brom itaphonya mapenate awiri. Wonena kuti Potter sakudziwa kukonza timu panthawiyo anali kulakwitsa. Wonena kuti kalabu ikufunika wogoletsa wakuthwa anali kulondola. Sizoni yotsatira Brighton inamaliza pa nambala 9.

Musaganize kuti tsambali limangoteteza makochi. Nthawi zina limaikira kumbuyo atolankhani pamene masapota akuloza m'ndandanda wa ligi. Manchester United ya José Mourinho mu 2017/18 inamaliza yachiwiri ndi mapointi 81, italowetsedwa zigoli 28 zokha. Odzudzula kaseweredwe kake ankayankhidwa kuti, "Nanga si tili pa nambala 2?" Koma xGA ya timuyo inapitirira 40. Kusiyanako kwakukulu anakuphimba ndi goloboyi David de Gea, amene anagwira mipira yodabwitsa sizoni imeneyo. Goloboyi sangapitirize choncho chaka ndi chaka, ndipo pofika Disembala 2018 Mourinho anachotsedwa. Zofananazi zinachitika ku Manchester United komweko ndi Erik ten Hag mu 2023/24: nambala 8, mapointi 60, chikho cha FA Cup atagonjetsa Manchester City 2-1, koma adani anamenya mashoti opitirira 600 ku golo lake mu ligi yokha, ndipo pa xPTS timuyo inali m'theka la pansi. Chikhocho chinatontholetsa mkangano kwa miyezi ingapo, ndipo mu Okutobala 2024 anachoka.

Tsamba la timu ndi limene limathandiza pa milandu yolunjika. Mukadina dzina la timu mumapeza zigawo zingapo, ndipo chilichonse chimayankha dandaulo lake. Atolankhani akamati timu imalephera kutchinga makona, tsegulani chigawo cha Situation, chimene chimalekanitsa mashoti a mpira woyenda, a makona, a mafirikiki ndi a mapenate. Ngati xGA ya makona ili yokwera poyerekeza ndi matimu ena, mlanduwo ndi woona ndipo ndi wa kochi ndi omuthandiza, chifukwa makona amaphunzitsidwa pa bwalo la zokonzekera. Ngati zigoli za makona zili 7 koma xGA yake ili 3, dekhani kaye. Akamati timu imatopa kumapeto, onani Timing, imene imagawa sewero m'zidutswa za mphindi 15, ndipo yerekezani chidutswa choyambira mphindi ya 76 ndi zinazo. Akamati kochi akangotsogola amabwezera osewera onse kumbuyo, onani Game state, imene imaonetsa mipata timu ikakhala patsogolo ndi chigoli chimodzi, ikakhala kumbuyo, ndiponso zigoli zikakhala zofanana. Mzere wa zigoli zofanana ndi umene umaulula mphamvu zenizeni za timu, popeza apo palibe amene akuteteza chimene wapeza kale.

Chigawo cha Formation chisamakukopeni kwambiri. Chimaonetsa mphindi zimene timu yasewera ndi kaimidwe kalikonse, monga 4-3-3 kapena 3-4-2-1, koma kaimidwe kolembedwa pa pepala kamasiyana ndi zochitika m'bwalo, ndipo kawirikawiri kochi amasintha kaimidwe akamakumana ndi timu yamphamvu. Kaimidwe kameneko kamaoneka koipa chifukwa cha adaniwo.

Mlandu woti osewera sakuthamanga, akuonerera adani akupatsirana mpira, umayesedwa ndi PPDA. Nambalayi imawerenga mapasi amene adani amapatsirana m'theka lawo la bwalo timu yanu isanayese kuwalanda mpira. Ikakhala yotsika ndiye kuti timu imapanikiza kutsogolo. Kawirikawiri yochepera 9 ndi kupanikiza kwamphamvu, yopitirira 15 ndi kudikirira kumbuyo. Koma nambala yokwera si umboni wa ulesi. Makochi ena amasankha dala kudikirira. Chofunika ndi kuyerekeza ndi zimene kochiyo amalonjeza. Ngati amalankhula za kupanikiza koma PPDA ikukwera mwezi ndi mwezi, atolankhani ali ndi poyambira pabwino.

Zofooka za Understat ndi zingapo, ndipo zina ndi zazikulu. Imawerenga mashoti okha. Mpira wodutsa pamaso pa golo umene wosewera waulephera kuugunda ndi chala chokha suwerengedwa, ngakhale unali mpata wabwino koposa m'sewero lonse. Kumbali ina, mashoti atatu otsatizana m'kuukira kumodzi, goloboyi akubweza mpira, amatha kuphatikizana kupitirira 1.0, pamene chigoli chimene chikanatheka chinali chimodzi chokha. N'chifukwa chake musamangoona nambala yomaliza ya sewero. Tsegulani chojambula cha mashoti. Dontho lalikulu ndi mpata waukulu, ndipo mukalidina limakuuzani mphindi, womenya ndi mlingo wake. Timu ya xG 1.5 yochokera ku madontho aakulu atatu yasewera mosiyana kwambiri ndi ya 1.5 yochokera ku timadontho 25 ta kunja kwa bokosi. Yachiwiriyo ndi timu imene ikulephera kulowa m'bokosi, ndipo pamenepo kochi ali ndi choti ayankhe. Khadi lofiira nalonso limapotoza manambala. Sewero limene timu yasewera mphindi 60 ili ndi osewera 10 lichotseni powerengera.

Vuto lina ndi la matimu amene amatchinga mwadala ndi anthu ambiri pakati pa mpira ndi golo. Burnley ya Sean Dyche inamaliza pa nambala 7 mu 2017/18 italowetsedwa zigoli 39, zochepa kuposa xGA yake. Mbali ina unali mwayi ndi ntchito ya goloboyi Nick Pope, koma mbali inanso inali njira ya Dyche yolola mashoti odutsa m'khamu la miyendo. Mlingo wa shoti sumagwira bwino nthawi zonse kuchuluka kwa otchinga amene ali patsogolo pa womenyayo. Chimodzimodzinso ogoletsa ochepa apadera, monga Lionel Messi ndi Son Heung-min, amene anagoletsa kuposa xG yawo kwa zaka zambiri. Kusiyana kukapitirira masizoni awiri kapena atatu, musakutchulenso kuti mwayi kapena tsoka. Ndipo ngati timu ikuphonya chaka ndi chaka, funso libwerere kwa amene amasankha ndi kugula osewera, amene m'makalabu ambiri masiku ano si kochi yekha.

Dziwaninso kuti xG si nambala imodzi padziko lonse. Masamba ena a mpira monga Sofascore ndi FotMob amaonetsa xG yochokera ku makampani ena, ndipo pa sewero limodzi lomwelo mutha kuona 1.4 kuno ndi 1.8 uko. Palibe amene akunama, njira zowerengera ndizo zosiyana. Pokangana, gwiritsani ntchito tsamba limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kutenga nambala ya uku ya kochi wakale ndi ya uko ya kochi watsopano ndi kudzinamiza.

Chosowa chachikulu ndi mipikisano ya zikho. Mulibe Champions League, Europa League, FA Cup kapena masewero a matimu a mayiko, mulibenso maligi ang'onoang'ono kapena mpira wa amayi. Makochi ambiri a makalabu akuluakulu amaweruzidwa ndi usiku umodzi wa ku Ulaya, ndipo pa usiku umenewo Understat ilibe liwu. Mulibenso ovulala. Timu imene yataya otchinga ake onse apakati imaonetsa xGA yokwera, koma tsambalo silinena chifukwa chake. Pamenepa tsegulani mbiri ya ovulala pa Transfermarkt ndi kuyerekeza masiku.

Palinso milandu imene nambala iliyonse siingaifike. Atolankhani akalemba kuti osewera sakumumveranso kochi, kuti wakangana ndi kaputeni, kuti amanyoza achinyamata pamaso pa anzawo, kapena kuti sakugwirizana ndi eni kalabu, nkhani zimenezo zimayesedwa mwanjira ina: mtolankhaniyo amakhala pafupi ndi kalabuyo kapena akungobwereza za ena, zimene analemba kale zinakwaniritsidwa kapena ayi, ndipo nkhaniyo ikupindulira ndani. Claudio Ranieri anapambana ligi ndi Leicester City mu 2016 n'kuchotsedwa mu Febuluwale 2017, ndipo Bayern Munich inachotsa Julian Nagelsmann mu Malichi 2023 timu ili yachiwiri, pointi imodzi kumbuyo kwa Dortmund. Zigamulo zotere zimakhala ndi zifukwa za m'kati mwa kalabu zimene sizioneka pa chojambula cha mashoti. Sapota amene amayankha nkhani ya mkangano wa m'chipinda chovalira ndi xPTS sakuyankha zimene zafunsidwa.

Kwa amene timu yake ili m'maligi 6 aja, Understat ndi yoyenera kuitsegula nthawi iliyonse mpando wa kochi ukayamba kugwedezeka. Ndimaiyamikira makamaka chifukwa cha kusankha masiku ndi chigawo cha Game state, zinthu zimene masamba ambiri aulere sapereka mophweka chonchi. Sofascore ndi FotMob zimaiposa pa kuchuluka kwa maligi ndi pa kutsata sewero lili m'kati, koma pa funso lakuti kochi uyu wakweza timu kapena waitsitsa kuyambira tsiku lakuti, Understat imayankha m'mphindi zosakwana 10. Musanatsegule, lembani kaye mlandu umene atolankhani akunena m'mawu amodzi omveka, monga "timu sikupanga mipata" kapena "ikumwa zigoli za makona", ndipo sankhani masiku musanaone manambala. Mukayamba ndi kuona manambala, mudzasuntha masikuwo mpaka atagwirizana ndi zimene mumakhulupirira kale, ndipo tsambalo silidzakuletsani.